Njinga Isanatuluke Pakhomo

Banja la ku Kasungu lopanda njinga limavutika kwambiri. Dera lake ndi lathyathyathya, zitunda n'zochepa, koma midzi, maesiteti, zigayo ndi zipatala zili motalikirana. Njinga yakapalasa ndiyo imatuta feteleza, imapita kuchigayo, imakatula mayi woyembekezera kusikelo, ndipo mnyamata amene sukulu inamukanika amangoika khushoni pakaliyala n'kuyamba kabaza. Koma tinjira tonse ta m'midzi timakathera mumsewu waukulu, kaya ndi M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, kaya ndi M18 wopita ku Nkhotakota kudzera pa Mtunthama komanso ku Mchinji kudzera pa Santhe. Kumeneko ndiye njinga imakakumana ndi thiraki ya matani 30.

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, nthawi zambiri cha mu Epulo, msewu umasinthiratu. Malole odzaza mabelo amayenda usana ndi usiku, ena olowera ku Chinkhoma, ena opitirira ku Kanengo. Ndalama zikayamba kulowa m'matumba njinga zatsopano zimachuluka, zamoto nazonso zimachuluka, ndipo ambiri oziyendetsa amakhala ataphunzirira pabwalo la mpira masiku owerengeka. Ndi nyengo yomweyonso, mu Juni ndi Julayi, imene dzuwa limalowa msanga. Mu 2022 boma linayamba kukonzanso M1 kuyambira pamphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu, kudutsa Kasungu mpaka cha ku Mzimba. Msewuwo tinaulirira tokha, ndipo walira mvula walira matope. Pamene maenje atsekedwa galimoto zimathamanga kuposa kale.

Ngozi ikachitika anthu amathamangira kuloza chala dalaivala, ndipo kawirikawiri salakwitsa. Alipo oyendetsa maminibasi ndi masienta amene wanjinga amamuthamangitsa ndi hutala mpaka agwere m'tchire. Koma kafunseni amayi ogulitsa tomato pafupi ndi depoti ya Kasungu, kapena agogo oyenda ndi ndodo popita kuchipatala cha boma, kuti amaopa chiyani. Ambiri atchula njinga. Galimoto imamveka ikamabwera, pamene njinga imangotulukira kumbuyo mwakachetechete, handulo n'kukukola chigongono. Munthu amene amadandaula kuti thiraki yamupanikiza pa M1 ndi yemweyo amapanikiza mwana wasukulu pakanjira. Dalaivala wa thirakiyo sitingamulangize, sitimudziwa n'komwe. Wanjingayu ndi wathu, nsima amadya pakhomo pathu, ndipo zambiri zimene zingamuvulaze kapena kuvulazitsa ena tingazikonze asanatuluke.

Yambani ndi mabuleki. Loweruka m'mawa, njinga ili pabwalo, finyani buleki yakutsogolo n'kukankha njingayo. Tayala lakumbuyo liyenera kunyamuka. Finyani yakumbuyo, tayala likhwekhwereke pansi osazungulira. Njinga zathu zambiri, za mtundu wa Humber kapena Hero, zili ndi mabuleki okoka ndi tizitsulo, ndipo timphira take timadyeka pang'onopang'ono mpaka chitsulo kumakhula limu. Mukamva kulira kwa chitsulo, dziwani kuti timphirato tatha. N'totsika mtengo, ndipo wokonza njinga aliyense pamsika amakusinthirani mukudikirira. Tonse tinamuonapo mnyamata akutsetsereka, phazi lili patayala, patapata akununkha kupsa, iye nkhope ili gwa. Akakhala yekha amaima ndithu, ngakhale patali. Akanyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50, kapena mayi ndi mwana kumbuyo, patapatayo amangothera pomwepo. Dziwaninso kuti limu yachitsulo ikanyowa buleki imachedwa kugwira, choncho m'dzinja muziyamba kufinya mukadali patali. Mukatero onani mpweya, masipoko oduka, tcheni cholendewera ndi handulo yogwedera. Zimenezi sizitenga nthawi.

Belu liyenera kulira, ndipo lizilira munthu akadali kutali. Kuliza belu muli kale pamsana pake n'kumudzidzimutsa, ndipo wodzidzimuka amalumphira mbali iliyonse, kuphatikizapo kumene inu mukudutsira. Anyamata ena anasiya belu n'kumangoimba likhweru kapena kukuwa kuti "Njira! Njira!" ngakhale kwa munthu wa msinkhu wa agogo awo. Pakanjira kopita kumjigo kapena kutchalitchi mwini njira ndi woyenda pansi. Chepetsani liwiro, nenani kuti "Zikomo amayi, ndidutse nawo," ndipo dikirani atembenuke. Amene wasenza ndowa ya madzi kapena mtolo wa nkhuni sangatembenuze khosi msanga. Ena samva bwino. Mkati mwa msika, pakhonde la masitolo ndi padepoti, tsikani mukankhe.

Za katundu

Kaliyala ali ndi malire ake. Ngakhale njinga za Buffalo, zimene zimatchuka ndi kulimba, kaliyala wake anamupangira katundu wa makilogalamu 100, ndipo belo limodzi la fodya lochoka pajeke limatha kufika pamenepo. Koma chimene chimapha anthu pamsewu waukulu n'kutambalala kwa katundu kuposa kulemera kwake. Belo lopingasa, matumba atatu a makala osanjikiza, mitengo ya chigafa, malata amene mwagula fodya atagulitsidwa, zonsezi zimalowa mumsewu kupitirira pamene inu mukuganiza. Inu mukuona ngati muli m'mphepete, pamene nsonga ya lata ili mkati mwa njira ya galimoto. Dalaivala wakumbuyo sakuonani inuyo, akuona katundu yekha, ndipo nanu simungathe kucheuka n'kumuona.

Zinthu zazitali zimangeni motsata kutalika kwa njinga, ndipo kumapeto kwake mangiriranipo kansalu kofiira. Cholemera chikhale pansi, chopepuka pamwamba. Malegeni akhale osang'ambika, ndipo mukamanga gwedezani njingayo mwamphamvu musananyamuke. Katundu akamasuntha pakhomo adzasunthanso thiraki ikadzakupitirirani ndi mphepo yake. Ngati simungathe kuyang'ana kumbuyo katundu ali pomwepo, ulendo umenewo ndi wa ngolo kapena wa maulendo awiri. Ndikudziwa kuti kuchita hayala ngolo n'kuchotsa ndalama pa phindu lochepa kale. Belo logwera pamsewu n'kupondedwa limadya zambiri kuposa pamenepo.

Mbali yanu ndi iti?

Apa ndi pamene ambiri timasokoneza, ndipo ena amasokoneza ndi mtima wabwino. Kusukulu anatiphunzitsa kuti woyenda pansi aziyenda kumanja kwa msewu, moyang'anizana ndi galimoto zobwera. N'zoona. Ndiye ena amati wanjinga nayenso atero, kuti aziiona galimoto ikubwera. Ayi. Njinga imayenda kumanzere, kulowera kumene galimoto zikulowera.

Zifukwa zake n'zomveka. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola ikamakupezani kumbuyo inu mukupalasa makilomita 15 pa ola, imakuyandikirani ndi liwiro la 65. Mukamapita moyang'anizana nayo, liwirolo limakhala 95, ndipo dalaivala amatsala ndi kanthawi kochepa koti aganize. Chachiwiri, dalaivala amene akutuluka pamalo omwetsera mafuta kapena mumsewu waung'ono kuti alowe mu M1 chakumanzere, maso ake amakhala kumanja, kumene kukuchokera galimoto. Wanjinga woyenda mbali yolakwika amatulukira kumanzere, kumene dalaivalayo sakuyang'anako. Chachitatu, mukakumana ndi mnzanu woyenda mbali yoyenera, mmodzi wa inu ayenera kulowa mumsewu kuti mupatukirane, ndipo nthawi zambiri wolowa mumsewuyo ndi wosalakwayo.

Kukhotera kumanja ndi kumene kumatha anthu ambiri, chifukwa umadula njira ziwiri za galimoto nthawi imodzi. Mumsewu wa m'tauni wopanda galimoto zambiri, cheukani, tambasulani dzanja lamanja, cheukaninso, kenako khotani. Pa M1, makamaka mutanyamula katundu kapena munthu, musadzivute. Imani kumanzere, tsikani, yang'anani mbali zonse, muwoloke mukukankha. Palibe amene angakusekeni, ndipo akaseka asekeretu.

Mukamayenda pagulu, monga pochokera kumsika wa tsiku kapena kumaliro, ndandalikanani mmodzimmodzi. Nkhani zidikire. Anthu atatu oyenda mogundizana mapewa amatseka theka la msewu, ndipo wakumanja ndiye amalipira macheza a onse.

Thiraki ili ndi malamulo akeake. Dalaivala wake ali pamwamba, ndipo amene ali pafupi ndi chitseko chakumanzere kapena kumbuyo kwenikweni samuona. Ngati inu simukuona galasi lake loonera kumbuyo, iyenso sakukuonani. Ikamakhota, matayala a ngolo yake yakumbuyo amadula pakona kuposa mutu wake, choncho musalowe pakati pa thiraki ndi m'mphepete mwa msewu pamphambano, ngakhale itaima. Ikamakupitirirani gwirani handulo ndi manja onse, chifukwa mphepo yake imayamba yakukankhani kenako n'kukukokerani mkati. Thiraki ziwiri zikamapatukirana pamalo opanikiza, monga pafupi ndi mlatho wa Bua kapena wa Dwangwa, chokani paphula msanga, mwa kufuna kwanu. Kumene phula linadyeka m'mphepete kumakhala kaphompho, ndipo tayala lotsika pamenepo mwadzidzidzi n'kulowa mumchenga limakugwetserani mumsewu. Koma mchitidwe wogwira kumbuyo kwa lole kuti ikukokeni pachitunda, umenewo makolo auletse ndi mawu amphamvu. Lole ikangofinya buleki nkhope imakathera pachitsulo.

Mdima

Lipoti la bungwe la WHO la mu 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Kwathu kuno nthawi yoopsa ndi ya chisisira, dzuwa litangolowa, pamene aliyense akuthamangira kunyumba ndipo wanjinga akuganiza kuti poti iye akuona, ndiye kuti akuonekanso.

Tiwerengere limodzi. Galimoto ya liwiro la makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akakuonani, sekondi imatha phazi lisanafike pabuleki, ndipo kuti galimoto iime ndithu pamafunika mamita oposa 50. Thiraki yodzaza imafuna ochulukirapo. Tsono dalaivala akakhala kuti wachepetsa magetsi chifukwa kutsogolo kukubwera galimoto ina, maso ake athobwa, munthu wovala jekete yakuda panjinga yakuda amaoneka ali kale pafupi kwambiri. Onjezanipo fumbi la m'chilimwe ndi utsi wa tchire lotenthedwa. Dalaivala wotereyu akhoza kukhala wosaledzera, wosamala, koma n'kukugundanibe.

Chofunika kumbuyo ndi lifulekita yofiira, yopukutidwa, yosaphimbidwa ndi katundu. Ambiri lifulekita ali nayo, koma thumba la chimanga lakhala pamwamba pake. Zikatero mangirirani china chonyezimira pakatundupo. Tonyezimira ta m'mapedulo timathandiza kwambiri chifukwa timakwera ndi kutsika, ndipo diso la dalaivala limagwira msanga chinthu choyenda. Jekete yonyezimira, yonga imene amavala okonza misewu, imapezeka pamsika, ndipo iyenera kukhala pamodzi ndi pampu, osati m'sutikesi. Ena amamangirira CD yakale kumbuyo. Ndi bwino kusiyana n'kukhala opanda kanthu, koma CD imangong'anima ikalunjika bwino, pamene lifulekita yeniyeni imabweza kuwala kumene kwachokera.

Kutsogolo kukhale nyale yoyera. Kale njinga yolemekezeka inkakhala ndi dainamo, kabotolo kachitsulo kokhula tayala. Ndi kachipangizo komweko kamene William Kamkwamba wa ku Wimbe, konkuno ku Kasungu, anakalumikiza ku makina ake oyendera mphepo n'kuyatsa magetsi kwawo. Masiku ano tochi zotchaja n'zambiri ndipo n'zowala kuposa dainamo. Imangirireni pahandulo ndi legeni, iloze pansi patsogolo panu, isathobwe maso a amene mukukumana nawo. Kuluma foni pakamwa kuti tochi yake iunikire, kapena kuigwira ndi dzanja limodzi, n'kudzinamiza. Eni ngolo nawonso amve. Ngolo ya ng'ombe yopanda chonyezimira mumdima yavulaza apanjinga ndi apagalimoto omwe.

Koma nyale yoposa zonse ndi kunyamuka msanga. Amayi, ngati mukutuma mwana kuchigayo, mutumeni m'mawa. Mzere wa kuchigayo sudziwika kutalika kwake.

Pali nkhani ina imene m'banja timaizemba. Tsiku limene ndalama za fodya zatuluka, bambo amapita ku banki pa boma ndi njinga, n'kukhotera pena pake kuti apheko ludzu. Njinga imafuna mutu wabwino kuposa mmene anthu amaganizira, pakuti woledzera amayenda mokhotakhota ndipo dalaivala sangadziwe kuti alowera kuti. Gwirizanani m'mawa, mitu ili yozizira, kuti akamwa njingayo aisiye kwa wachibale kapena kwa mnzawo wa sitolo, akaitenge mawa. Ndalamazonso zimafika bwino kunyumba mukapita awiri.

Kabaza

Wokwera ali ndi mphamvu zambiri kuposa mmene amadziwira, pakuti ndalama ndi zake. Akabaza ambiri ali ndi siteji yawo ndi tcheyamani wawo, ndipo ena njinga zawo zili ndi nambala kumbuyo. Kwerani wa pasiteji, amene mawa mungamupezenso. Musanakhale pakhushoni finyani buleki nokha, sizochititsa manyazi. Akanunkha mowa, kapena akakhala ndi zomvera nyimbo m'makutu onse awiri, pitani kwa wina. Akayamba kupikisana ndi anzake kapena kuzembera pakati pa maminibasi, muuzeni kuti "Achimwene, pang'onopang'ono, ndili ndi mwana." Akapanda kumva tsikani, ndipo mukamuuze tcheyamani. Komanso tisamawakakamize tokha. Timanyamuka mochedwa n'kumati "Thamangani, basi indisiya," kenako tikagwa timatukwana yemweyo. Timanenerera mtengo mpaka mnyamata kumaona kuti kuti apeze ya ufa ayenera kunyamula awiri nthawi imodzi.

Amayi okhala cham'mbali, pindani chitenje muchipanire m'miyendo, chifukwa nsonga yake ikalowa m'masipoko imakukokerani pansi. Mwana wam'manja akhale kumbuyo, womangidwa bwino ndi mbereko, kuti manja anu onse agwire. Panjinga yamoto funsani chipewa chodzitetezera, ndipo mumange lamba wake pachibwano. Chipewa chosamanga chimauluka mutu usanafike pansi. Anthu atatu kapena anayi panjinga yamoto imodzi, mwana atamupanikiza pathanki, n'zimene anamwino amaziona zotsatira zake tsiku ndi tsiku.

Ana aang'ono okwezedwa pakaliyala amavulala mwa njira imodzi yodziwika. Mwana amatopa kapena kusinza, kaphazi kamalendewera, chidendene n'kulowa m'masipoko. Bala lake limaoneka laling'ono tsiku loyamba koma limachedwa kupola chifukwa mnofu umakhala utatswanyika mkati. Ikitsani popondera mapazi, tsekani mbali za tayala ndi kathabwa kopyapyala kapena pulasitiki yolimba, ndipo mwana avale nsapato.

Nanga mwana ayambe liti kupalasa yekha mumsewu waukulu? Zaka sizinena zonse. Mwana amene amapalasa njinga ya bambo ake atalowetsa mwendo pansi pa mtanda, thupi lili mbali imodzi, asachoke pabwalo ndi m'tinjira ta m'mudzi. Muyeseni chonchi. Atakhala pachishalo, zala za kuphazi zifike pansi. Zala za m'manja zifike pabuleki n'kufinya mpaka njinga kuima. Athe kucheuka kumbuyo n'kukuuzani kuti mwatukula zala zingati, njinga osakhota. Athe kutambasula dzanja limodzi akupalasa. Akatha zimenezi, pitani naye nokha ulendo woyamba, inu kumbuyo kwake, mumusonyeze powolokera ndi potsika. Ngati kusukulu kuli njira yodutsa m'minda, ngakhale yotalikirapo, asankhe imeneyo. Ndipo ana amaonera. Bambo amene amayenda kumanja kwa msewu usiku opanda nyale asadabwe mwana akamachita zomwezo.

Zikachitika

Mukagunda munthu ndi njinga, imani. Kuthawa ndi kumene kumautsa mkwiyo wa anthu, ndipo m'dera lathu lino mudziwika basi. Muthandizeni, mupepeseni, ndipo ngati ndi mwana mufikitseni kwa makolo ake kapena kuchipatala ngakhale akunena kuti sakumva kupweteka.

Wapanjinga akagundidwa ndi galimoto, choyamba wina aime patali mbali zonse ziwiri kuti aimitse galimoto zina, chifukwa ngozi yachiwiri imagwera anthu amene aunjikana pamsewu. Wina alembe nambala ya galimotoyo kapena aijambule pafoni. Kumenya dalaivala sikuthandiza wovulala, ndipo nthawi zambiri galimoto yake ndi yokhayo imene ingamufikitse kuchipatala msanga. Pamene pakutuluka magazi, panikizani ndi nsalu yoyera osasiya. Musathirepo dothi, mafuta a buleki kapena fodya. Wovulala akamadandaula khosi kapena msana, kapena akakomoka, musamukhazike tsonga, musamupinde kuti akwane pakabaza. Munyamuleni anthu angapo ali chigonere, mutu ndi thupi zili mowongoka, pathabwa kapena pachitseko. Musamumwetse madzi, mwina akafunika opaleshoni. Amene wamenyetsa mutu koma wadzuka n'kumayenda apitebe kuchipatala, kaya chachikulu cha boma pa Kasungu, kaya cha St Andrew's ku Mtunthama, kaya cha Nkhamenya, chilichonse chimene chili pafupi. Akayamba kusanza, kusinza mosadziwika bwino kapena kulankhula zosokonekera, musadikire kuti kuche.

Kenako kaneneni kupolisi tsiku lomwelo. Lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu amene yawavulaza, koma kampani ya inshuwalansi imafuna lipoti la apolisi ndi la dokotala. Dalaivala akakupatsani kangachepe pamsewu kuti nkhani ithere pomwepo, kumbukirani kuti fupa lothyoka limatha kudya nyengo yonse yolima. Sungani malisiti a mankhwala ndi a mayendedwe, lembani maina ndi manambala a foni a anthu awiri amene anaona, ndipo njinga yophwanyikayo musaikonze apolisi asanaione.